Mzukwa wa m'Chipinda Chosokera

Nyumba ya atelala inali ya mtendere. Bambo ankasoka, mayi ankasita, ndipo azakhali, mlongo wa bamboyo amene anadzakhala nawo amuna awo atamwalira, ankasokerera mabatani pampando wa pazenera. Mwana anali mmodzi, mnyamata amene onse ankamutcha Profesa chifukwa buku silinkachoka kumaso kwake.

Poyamba makolo ankanyadira, kenako anatopa. Chaka china Profesa anawerenga za zinjoka zolavula moto, za anthu osamukira kumwezi, za mizukwa yogogoda pazitseko, koma kulowetsa ulusi pasingano, ayi ndithu.

"Iwe, kumweziko ukadya chiyani?" anatero bambo ake. "Tagwira sizasi apa."

"Ndikubwera, Bambo. Ndimalize mutu uwu."

Mutuwo sunkatha.

Mabukuwo ankagula kwa mkulu wina amene ankayala mabuku akale pakhonde la sitolo. Tsiku lina Profesa atasowa chogulira, mkuluyo anamutsegulira kabuku kophunzitsa kulemera.

"Mphwanga, tawerenga apa. Katundu wongokhala ndi chuma chogona. Kwanu kulibe zogona? Bwera nazo tisinthane."

Inayamba kusowa ndi sizasi yakale. Kenako simbi. Kenako nsalu ya diresi ya ukwati ya eni ake. Mayi atamupanikiza ndi mafunso, Profesa anatola bodza m'mabuku momwemo.

"Amayi, ine ndimamva mapazi m'chipinda chosokera. Zinayamba atabwera azakhali. Kaya malemu amuna awo anawalondola."

Mwana woipa mtima, kunamizira ndi akufa omwe! Bambo sanakhulupirire za mzukwa, koma mawuwo anawakhala mumtima. Mwini diresi atabwera kudzalalata pakhomo anthu akuonerera, bambo anakhuthula chikwama cha mlongo wawo pansi. Munalibe kanthu, koma mkwiyo sunamve.

"Achemwali, kaya ndi mzukwa kaya ndi manja, zonse zabwera ndi inu. Longedzani."

Azakhali anayang'ana Profesa nthawi yaitali. Iye maso anali m'buku. Anatola zovala zawo natuluka.

Masiku a mbala amakwana. Bambo akudutsa pasitolo paja anaona simbi yawo, ya chogwirira chomanga ndi waya, itapsinja mabuku kuti asauluke ndi mphepo. Anaiwombola, nadzaiika patebulo pamaso pa Profesa. Sanamumenye. Analibenso mphamvu zake.

"Pita ukawatenge azakhali ako," anatero.

Profesa anawapeza kuseri kwa hotela akuchapa nsalu za alendo, manja atang'ambika ndi sopo. Anagwada pamadzi pomwepo.

"Azakhali, mzukwa uja ndinali ine."

"Ndikudziwa. Ndinakuona ukuika simbi m'chikwama cha kusukulu. Ndinkati unena wekha, ndinadikira mpaka potulukira."

"Ndikhululukireni. Tiyeni kunyumba."

"Kukhululuka ndakhululuka, mwanangu. Koma m'nyumba imene anandikhuthulira chikwama anthu akuona, ndingakakhalemo bwanji? Dzuka, ukunyowetsa buluku."

Anapitiriza kuchapa.

Lero Profesa ndiye amasokerera mabatani pampando wa pazenera uja. Bambo ake amalankhula naye za ntchito zokha, ndipo mayi akamagawa chakudya nthawi zina amatulutsabe mbale zinayi, n'kubweza imodzi mwakachetechete.

Ana inu, kuwerenga si tchimo. Koma ulesi ukakula umaba, kuba kukachita mantha kumanama, ndipo bodza limakagwera munthu wosalakwa. Simbi ija inabwerera pamalo pake. Azakhali sanabwererenso.