Woyimba Kuseri kwa Khoma

Chodabwitsa choyamba chinali chakuti mwana anasiya kulira usiku.

Mayi ake ankagulitsa nsapato pamsika, ntchito yodya pakhosi. Tsiku lonse ankakuwa kuitana ogula ndi kukangana ndi anthu aja oyesa nsapato mulu wonse n'kuchoka osagula ngakhale chingwe. Pofika kunyumba mawu ankakhala atasasa. Ankatenga mwana kwa mlamu wake, kumuyamwitsa mwakachetechete, n'kugona mpango uli kumutu. Nyimbo imene anapeka ali woyembekezera anali asanamuyimbirepo mwanayo. Ankangoti mawa.

M'mawa wina, telala wa khomo loyandikana anamuimitsa pampopi.

"Koma asisi mumayimba bwino usiku. Ine mpaka ndimaimitsa makina."

"Timayesetsa," anayankha, pakuti sanazolowere kubweza chinthu chaulere.

Usiku umenewo anazimitsa nyali koma sanagone. Mdima unali wandiweyani, mpopi ukudontha panja, makoswe akuyenda pang'onopang'ono kudenga, mwamuna wake akuliza mkonono. Mwana anagwedezeka, nakoka mpweya kuti alire, ndipo nyimbo inayamba. Inkachokera kuseri kwa khoma, m'chipinda chimene mwini nyumba anachikhoma chichokereni alendi akale. Inali nyimbo yake yomwe ija, m'liwu lake lomwe, lakale lija lisanadyedwe ndi msika. Mwana anatembenukira kukhoma, nagona.

"Bambo a mwana," ananong'ona, "mukumva?"

"Ndikumva. Pitirizani, mukundigonetsa ndi ine ndemwe."

"Si ine."

Mkonono sunamvekenso mpaka kucha.

Kutacha, mayiyo anakabwereka kiyi wa chipinda chija kwa mwini nyumba. M'chipindamo munali fumbi, mpando wothyoka ndi chitini cha penti youma, basi. Anthu sanachedwe kupereka nzeru zawo. Ena ankati mlendi wakale anapita padera mmenemo, ena ankati ndi wailesi ya winawake. Mlamu wake anati chinthu chogonetsa mwana sachifunsa kwawo.

Nyimboyo inkabwera usiku uliwonse, ndipo mayiyo, kunena zoona, ankagona bwino ndi kugulitsa bwino. Mwana ananenepa. Koma poyamwa sankayang'ananso nkhope ya mayi ake. Maso ankakhala kukhoma, kadzanja kakusisita njerwa. Usiku wina mayiyo anamupeza atakwawira kumapeto kwa bedi, tsaya ataligunditsa kukhomako. Atagwira pamalopo, panali pofunda ngati chifuwa cha munthu.

Kutacha sanapite kumsika. Anamwa madzi otentha, osayankhula ndi aliyense, kusunga timawu timene tinatsala.

Mdima utagwa, mwana asanagwedezeke n'komwe, mayiyo anayamba yekha kuyimba. Liwu linatuluka ngati macheka pa thabwa louma. Mwana analira, napindika msana, kumukankha ndi timiyendo kuti afike kukhoma. Kuseriko kunayambanso, mosalala, mosapupuluma, ngati munthu wodziwa kuti katundu wake ndiye wabwino. Mayiyo anakweza mawu. Sanakome, anangokwera.

"Ingomusiyirani," ananong'ona mwamuna wake. "Mwana adwala nako kuliraku."

"Ndamusiyira kokwanira."

Anayimba mpaka pakhosi panamveka magazi, kubwereza, kulakwitsa, kuyambiranso. Sanadziwe kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Anangomva tizala tonyowa tikufufuza pamilomo pake, kufuna kudziwa kumene phokosolo likuchokera. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunasanduka mpweya wofunda pakhosi pake. Mwana anagona atagwira mlomo wa mayi ake.

Kuseri kwa khoma kunali zii.

Kenako kunamveka kulira kwapansipansi, kwa mkazi amene waluma nsalu kuti asadzutse mwana. Mayiyo anakhala tsonga mumdimamo, mwana ali pachifuwa, akumvetsera mpaka kunja kutayera, osadziwa ngati athokoze kapena apepese.