Popa Wofiira wa a Kalipentala

Chimene akazi a kalipentala anayamba kuona ndi nyambo yonyowa. M'mawa wina akupukuta fumbi pashelefu, anapeza popa wofiira, imodzi mwa nyambo zoyandama zimene amuna awo ankasema okha, akudontha madzi, kaudzu ka m'damu katakola kumbedza. Nanga akanamuponya m'madzi ndani? Chidwalire sitiroko, a kalipentala dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kuukoka, ndipo ankagona pabalaza kuti chimbudzi chiwayandikire. Munthu amene kale ankadzutsa nyumba yonse ndi nthabwala, tsopano ankangoyang'ana khoma.

Usiku umenewo mayiwo tulo anasowa. Mphepo italeka, anamva kuchokera kudamu la kuseri kwa nyumba: phu. Kenako zii, nthawi yaitali ndithu. Phu, phu. Phokosolo ankalidziwa ngati kutsokomola kwa amuna awo. Popa amakhala ndi kukamwa kokumbika, ndipo ukagwedeza ndodo yowedzera pang'ono amalavula madzi, nsomba n'kumayesa ndi kachule kakuvutika pamwamba. Koma ndani amawedza mumdima wotero? Anafunda bulangete kumutu.

Mayi woyandikana nawo nyumba, amene nkhani yoipa imamukomera kuposa shuga, anati nayenso wamva. Anakumbutsa monong'ona kuti mnzawo wa a kalipentala, amene ankawedza nawo limodzi, anamira m'damu lomwelo, ndipo womira akasungulumwa amaitana mnzake. Akazi a kalipentala anamukalipira, koma mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa. Mwana wawo wa m'tauni anali atakakamira kale kuti makolo asamukire kwa iye, ndiye madzulo omwewo anamuimbira foni n'kuvomera kuti abwere ndi galimoto. Kenako anawauza amuna awo. Bamboyo anangotembenukira kukhoma.

Phokoso lija silinaleke. Usiku wina kunawonjezeka china pabwalo: khwee, khwee, ngati wina akukoka thumba lolemera, kulowera kumadzi. Mayiwo anaitana chapansipansi kuti, "Abambo?" Pabalaza panali zii. Anapapasa pabedi n'kupeza bulangete lokha, lofundabe. Mantha a mizimu anathera pomwepo, kunabwera ena oposa. Anatuluka opanda nsapato, tochi osaikumbuka n'komwe.

Kamwezi kanali katangosuzumira. M'mphepete mwa damu munali chinthu chakuda, chopindika, chikugwedezeka pang'onopang'ono. Atayandikira anaona kuti ndi amuna awo, atakhala pandowa yovundikira, ndodo ataipana ndi maondo. Ankaigwedeza ndi dzanja lamanzere, phu, koma akati akulunge chingwe ndodo inkagwa, iwo n'kuitola, n'kuyambiranso. Dzanja lakufalo ankalitukwana ndi mawu amene akazi awo sankadziwa kuti ali nawo. Mayiwo anafuna kukalipa, koma chifundo chinawagwira.

"Inu abambo, mukufuna ndife ndi mantha?"

"Ndimati ndiphunzire kaye, musandione ndikulephera," anayankha a kalipentala, lilime likulemera. "Kutauni kulibe damu, mayi."

Mayiwo anagwada pambali pawo n'kugwira kagudumu kokulungira chingwe. Zaka zonse za ukwati ndodo imeneyo anali asanaikhudzepo, ankati ndi mkazi mnzawo. A kalipentala anaponya ndi manzere, popa n'kugwa chapafupi pomwepa, ndipo anawanong'oneza kuti adikire mpaka timafunde tonse tithe. Kenako kugwedeza kamodzi, kukulunga chingwe cholendewera, kudikiranso. Anawachenjezanso kuti nsomba ikalumpha asathamangire kukoka, ayambe amva kulemera kwake.

Mwadzidzidzi madzi anaphulika ngati wina waponyamo njerwa. Malangizo onse aja anauluka. Mayiwo anakuwa, n'kutsomphola ndodo ndi manja awiri, popa n'kudutsa pamutu pawo kukakola pachitsamba. Nsomba inapita. A kalipentala anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, mpaka misozi kutuluka, koyamba chidwalire. Akazi awo anasekanso, akulira.

Pobwerera, bamboyo atatsamira paphewa pawo, popa ali m'dzanja la mayiwo, madzi analira kumbuyo kwawo. Phu. Onse awiri anaima, ndipo achule omwe anakhala chete.

"Ndi nsomba imeneyo," ananong'ona a kalipentala.

Mayiwo sanacheuke. Anangowagwiritsa amuna awo m'chiuno, n'kupitiriza kuyenda.

"Mawa ndimuuza mwana kuti galimoto isabwere. Koma kuno simudzabweranso nokha, mwamva? Womira wokuitananiyo azitipeza tili awiri."