Mlendo Wamasana wa Azakhali Alefa

Izi zinachitika m'nyumba mwathu ku Nkolokosa, masana dzuwa likuswa mtengo. Wokayika akafunse aAfisa, mayi amene amagulitsa tomato pageti pathu pakale. Anaziona ndi maso awo.

Azakhali anga aAlefa anasiya kuona ndi kumva ali mtsikana, atadwala matenda oumitsa khosi. Kuyankhula amayankhula, koma ife timawalembera zilembo m'chikhatho ndi chala. Dziko lawo amalidziwa bwino. Amati lole ikamadutsa kumsewu imayamba kuwapeza m'mapazi, kenako m'mano. Mvula amainunkhiza ikadali kuphiri la Soche. Munthu aliyense amamudziwa ndi fungo komanso kulemera kwake pasimenti. Mwamuna wanga Bennet ndi dizilo. Mwana wathu wamkazi, amene dzina lake sinditchula pano, ndi phala ndi fumbi.

Tsiku lina nditaweruka kuntchito ku Limbe azakhali anandifunsa, "Vailet, mlendo wamasana uja ndi wa kutchalitchi kwanu?"

Ndinawalembera: Mlendo uti?

"Amene amabwera nonse mukachoka. Amalemba mofatsa. Koma simenti sinjenjemera akamalowa. Fungo alibe. Ngakhale madzi ali ndi fungo, mwanawe."

Amafuna chiyani?

"Maina. Anafunsa langa, ndinamuuza. Kenako lako. Dzulo la Bennet. Ndimayesa ndi ulemu."

AAfisa analumbira kuti pageti sipanadutse munthu. Bennet anati azakhali amalota ali chikhalire. Ine mtima sunakhale m'malo. Mawa lake kuofesi ndinkangolakwitsa ntchito, mpaka ndinapempha kuchoka masana. Mwana anali kumkombaphala. Ndinauza aAfisa kuti tilowe limodzi.

Azakhali anali pamphasa pabalaza, akusankha nyemba. Tinaima pakhomo. Wailesi ya aneba inali kuimba, kenako inangoti zii. Nkhuku kuseri zinasiya kupalasa. Fungo la anyezi amene ankakazinga kwa aneba linatha, ngati wina walipukuta.

Azakhali anaika lichero pansi. Anatambasula dzanja.

"Mwabwera," ananong'ona.

Khungu la m'chikhatho linalowa m'kati. Kadzenje kakang'ono, ngati pokanikiza chala. Kanayenda. Kanakhota.

"Mukuona?" anatero aAfisa chapansipansi.

"Ndikuona."

Ndinawerenga chilembo ndi chilembo. Mwana.

Azakhali anafumbata manja onse awiri, n'kuwapana m'khwapa.

"Ameneyo ayi. Dzina lake sindikuuzani."

Kadzenje kaja kanatulukira pamkono. Kanakwera phewa. Kanafika pakhosi, kakulembabe. Azakhali ankangopukusa mutu, milomo atatseka. Ndinathamanga n'kuwakumbatira. Pamsana panga panatsika chinthu chozizira, mzere umodzi wowongoka. Chinaima.

Wailesi inayambanso kuimba.

Mwezi womwewo tinasamukira ku Naperi. Abusa anabwera kudzapemphera. Azakhali anatenga nthawi yaitali asakulola munthu kuwagwira m'manja, ngakhale ine. Tangoganizani munthu amene khomo lake lokhalo ndi chikhatho, n'kulitseka yekha. Pamene anayambanso kutsegula, dzina la mwana sanalitchulenso. Amangoti "kamtsikana". Ifenso m'nyumba tinazolowera choncho.

Chaka chino mwanayo wayamba sitandade wani. Loweruka lapitali ndinali panja kuyanika zovala. Anatuluka akudumphadumpha, zala zili choko chokhachokha.

"Amayi, ndikutha kulemba dzina langa. Ndawalembera agogo m'dzanja."

Ndinasiya beseni. Pawindo ndinaona azakhali ataimirira pakati pa balaza, akufufuza mpweya ndi manja, akuitana dzina langa.

"Wachita bwino," ndinatero. "Koma usadzalembenso."

"Ndalemba kawiri basi," anatero. "Koyamba m'dzanja la agogo. Kachiwiri m'dzanja la enawo. Anangolitambasula."