Munga wa Msangu ku Umlazi

Mayi Maimuna ankaanula zovala kuseri kwa chipinda chawo cha lendi ku Umlazi, ku Durban, pamene anamva fungo la uvuni wa makala, lija la dothi lonyowa ndi nkhuni zaziwisi. Pamalopo panalibe wootcha makala. Kenako nkhwangwa inayamba kulira, go, go, go, ngati pansi pa simenti.

Munda wawo unali kutali, m'phiri la Chikala ku Machinga. Munali misangu khumi ndi iwiri, ndipo chimanga cha pansi pake chinkabereka popanda feteleza, mpaka mwana wawo Mwanahamisi kumagulitsako matumba. Koma achimwene awo a Hamis, ogwira ntchito ya m'gadeni ku Durban North, ogona chipinda choyandikana nacho, ankangoti mitengoyo idulidwe, makala ndiye ndalama ya lero. Mayiwo anafotokoza mpaka kukhosi kuuma, kuti makala umagulitsa kamodzi koma masamba a msangu amadyetsa munda chaka ndi chaka. Kaya ankauza ndani.

Nkhwangwa ija italira, m'mawa mwake Mwanahamisi anaimba foni. Msangu umodzi wapita, kwatsala chitsa chokha, palibe nthambi, palibe phazi la munthu. Lachinayi nkhwangwa inaliranso ku Umlazi, wachiwiri n'kupita. Mkamwini anakalondera ndi galu. Galuyo anafa, iye anabwerako osalankhula mpaka lero. Mvula yoyamba inakokolola mizere ya kumtunda. Misangu inapitabe umodziumodzi mpaka inatsala itatu, ndipo zimenezi mayiwo sanauze munthu.

Mayiwo ankawaganizira a Hamis, inde. Koma munthu wosaponda kumudzi zaka zinayi, pasipoti yake ili m'sutikesi mwako, umuneneza bwanji?

Loweruka dzuwa likupendeka a Hamis anabwera akutsimphina.

"Chemwali, tandizulani ichi. Chandilasa kuntchito."

Mayiwo anatenga singano n'kuika phazilo pamwendo pawo. M'ming'alu ya chidendene munali dothi lofiira, m'zikhadabo muli bii. Munga unatuluka woyera, wa nsonga yofiirira. Minga yotere, ya msangu, mayiwo anawazulapo ana awo onse.

"Kwa abwana anuko kuli msangu, achimwene?"

A Hamis anayang'ana kudenga n'kumwetulira. "Yangotsala itatu, chemwali. Mukuvutikiranji?"

Mayi Maimuna anagwira phazi lija zolimba, n'kubwezera mungawo momwe unachoka, n'kuukankha ndi chala chachikulu mpaka unabisika.

Kuyambira tsikulo nkhwangwa sinalirenso. Chimene chimamveka pansi pa simenti madzulo aliwonse ndi munthu wokwera phiri, akukoka mwendo umodzi.