Mpira wa Nyenyezi

Telala ndi Makaniko anakumana pamalo odikirira basi mvula ikugwa, ndipo mnyamatayo anali ndi pakamwa pothira shuga. Patangotha miyezi isanu anamuveka mphete, n'kumuuza kuti wapeza ntchito kutsidya kwa nyanja, kumpoto kwenikweni, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana.

"Undidikire, wapamtima wanga. Chaka chimodzi chokha."

Chaka chimodzicho chinabala chinzake. Telala ankasoka madiresi a ukwati a anzake, lake lili phee m'sutikesi, kusungulumwa kukumudya ngati chiswe. Chomutonthoza chinali mauthenga a pafoni basi.

"Bebi, ndatuluka panja, ndikuona nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Nawenso uziyang'ane, maso athu akumane kumeneko."

Koma Telala wathuyu sankadziwa nyenyezi ngakhale imodzi. Ndiye Loweruka lina anatseka shopu yake yosokeramo msanga, n'kukalowa m'sitolo ya mabuku ndi mamapu.

Mwini sitolo, bambo a imvi amene kale anali mphunzitsi, anamutsitsira mipira itatu yojambulidwa thambo lonse, nyenyezi ndi mayina ake. Wina unali wopepuka wapulasitiki, wina wa mwendo wathabwa, wachitatu woyaka mkati ukaulumikiza kumagetsi. Telala anakonda woyakawo, poti m'chipinda chake munalibe womuyankhula. Mwamanyazi anawauza za bwenzi lake ndi dziko limene ali, n'kuwaonetsa uthenga uja kuti amupezere mtandawo.

Bambowo anazunguza mpira n'kuloza chakunsi kwake. Kenako anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwana wanga, wati ali kuti?"

Telala anabwereza dzina la dzikolo.

"Kumeneko nyenyezi izi sizituluka. Chilimwe, dzinja, sizioneka m'pang'ono pomwe."

Telala anaseka, kuseka kopanda chimwemwe, n'kufunsa kuti nanga amene amaziona amakhala kuti. Bambowo anayankha motsitsa mawu kuti amakhala mbali ya kuno konkuno, mwina tauni ina, mwina msewu wachiwiri kuchoka pasitolopo.

Mtima unamupweteka. Zaka ziwiri! N'chifukwa chake munthuyu ankakana foni yoonana nkhope, n'kumanamizira netiweki?

"Bambo, tazunguzaninso, mwina mwalakwitsa."

Mkuluyo anamumvera chisoni, nazunguza pang'onopang'ono, kawiri, katatu. Nthawi zonse mtandawo unkabwerera kunsi komweko. Atati ayambe kachinayi, Telala anawagwira dzanja kuti asiye.