Chala Chimene Chitseko Chinakana

Lolemba, 7:20 m'mawa, Inspekitala anapeza mtembo m'chipinda chakumapeto, pakati pa mipando yatsopano yokutidwabe ndi mapulasitiki. Bala linali kunkhongo. Womwalirayo anali mkulu amene kampani ina yakunja inamusankha kuti atsegule nthambi yake m'dzikomo. Ofesiyo inayenera kuyamba ntchito tsiku lomwelo.

Inspekitala anayamba ndi mwini nyumba, yemwe anakangana ndi malemuyo Lachisanu chifukwa choboola khoma.

"Kukangana tinakanganadi, bwana. Koma ndiphe munthu chifukwa cha bowo? Ine kuyambira 5 koloko ndinali kuchipatala ndi shuga wangayu."

Anamwino anamuchitira umboni.

Pa 9:30, mayi wotumidwa kuchokera kulikulu la kampaniyo anaonetsa Inspekitala makina a pakhomo. Chitseko chinkatseguka munthu akaika chala, ndipo makinawo ankasunga nthawi. Malemuyo analowa 6:31. Pa 6:48 chala china chinakanidwa katatu. Pa 6:50 chitseko chinatsegulidwa ndi wamkati.

"Wakuba sayesa chala chake katatu," anatero Inspekitala. "Uyu ankadziwa kuti chimutsegukira. Ndani?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Mlamu wawo. Loweruka anaika chala pamodzi ndi anzake. Atachoka, malemu anandiuza kuti ndichifufute m'makinamo. Kwathu sitilemba ntchito wachibale wa bwana. Iwo anasainira lamuloli mu Januwale."

"Mlamuyo ankadziwa?"

"Anati amuuza okha."

Pa 2:15 masana mlamuyo anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, atavala suti ndi tayi yatsopano. Inspekitala anamuikira pepala la nthawi zija patebulo. Mlamuyo sanaliwerenge.

"Ndinasiya ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bwana. Malemuyo anabwera yekha kwathu. 'Alamu, tiyeni timange chathu.' Mizere ya ziphaso ndinaima ndine. Nyumba ija ndinapeza ndine. Matebulo ndinakweza pamsana pangapa. Mlongo wanga, mkazi wakeyo, atamwalira, ana ake anakulira kwanga. Sindinawerengere."

"Lero m'mawa?"

"Ndinalawirira kuti ndikhale woyamba. Ndinapukuta chala pamalaya, ndikuti mwina ndi thukuta. Katatu. Ndiye anatsegula, n'kundiuza zonse ali chiimire, osandipatsa ndi mpando womwe. Ndinafunsa kuti anadziwa liti. Akuti Januwale. Ine ntchito ndinasiya mu Malichi."

"Ndiye munamumenya."

"Ayi. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Anandiitana. Akuti, 'Alamu, poti mwabwera kale, tatikhomerani chikwangwanichi musanapite.' N'kundipatsa hamala m'manja."

Inspekitala analemba mawuwo monga anayankhulidwira, natembenuza pepala kuti asaine. Mlamuyo anasaina bwinobwino.

"Ana aja muwauza ndinu?"

"Ndiwauza ndine," anatero Inspekitala. "Vulani tayiyo, bambo. M'chitokosi siloledwa."