Mnzake wa pa Unyolo

Izi sindinachite kumva ayi. Ndinalipo ine, analiponso alamu anga, munthu woti ukamuuza za mizimu amakufunsa ngati wadya.

Achemwali anga ankalemba buku la agogo a agogo athu, mayi amene anathawa m'manja mwa ogula akapolo. Kulemba amalemba, koma kuwerenga maso amakana, ndiye ine ndinkawawerengera mokweza, iwo akuzungulira pabalaza ngati nkhuku yosowa poikira. M'banja mwathu nkhaniyi timaikamba motere: agogowo anathawa ali pa unyolo umodzi ndi mnzawo. Mnzawoyo palibe akudziwa dzina lake, ndipo achemwali anamuchotsa m'bukumo.

"Munthu wopanda dzina ndimulemba bwanji? Athawe okha basi," anatero. Bukulo linkapita kosindikiza mawa lake.

Anali masana, dzuwa lili paliwombo. Nditafika pamene agogowo akuwoloka mtsinje ali okha, galu wa aneba anasiya kuuwa. Kenako fungo. Matope a kumtsinje, thukuta ndi dzimbiri. M'nyumba ya simenti, m'chilimwe!

Achemwali anaponya phazi. Kumbuyo kwawo kunalira chitsulo, ngwe! Anaima. Chinakwekwereza pang'ono, n'kuimanso.

"Alamu, ndi makiyi anu?" ndinanong'ona.

"Manja anga ndi awa," anatero alamu.

Wina anali kupuma. Wefuwefu wa munthu wochokera kutali. Sanali wokwiya. Ankangodikira. Mantha ndinali nawo, sindikana, koma chimene chinandigwira kwambiri ndi ulemu. Ndinangopezeka ndagwada.

Achemwali sanacheuke. Anangoti chapansipansi, "Pepani, mayi. Tinakusiyani kutsidya."

Anakhala pansi n'kulemba mpaka dzuwa kupendeka, fungo lija lili pomwepo. Dzina sanapeke, anangolemba kuti mnzake. Ndinawerenganso mutuwo: akazi awiri m'madzi ofika m'chifuwa, winayo atafumbata unyolo kuti usalire, akukankha agogo athu kuti akwere gombe. Nditamaliza tinamva mapazi akutuluka pakhomo. Anthu awiri. Chitsulo sichinalirenso.

Pasimenti panatsala mapazi a matope, ndipo alamu anakolopa okha. Bukulo linatuluka. Koma pa kakolo wa kumanzere wa achemwali pali chipsera chozungulira mwendo wonse mpaka lero, chonsecho sanavulalepo pamenepo chibadwire.